Ana akangoyamba FIFA, kompyuta thi!

M'makomo ambiri mlanduwu umagwera ana. Kompyuta yakale yapatebulo imalemba makalata tsiku lonse bwinobwino, koma ana akangoyamba gemu ya FIFA, sipatha mphindi 10, yazima yokha. Bambo amati ana alowetsa vairasi, n'kulipira wokonza kuti aikenso Windows. Mawa lake yazimanso, ndalama zapita.

Kawirikawiri vuto limakhala kutentha. Gemu imathamangitsa pulosesa ndi khadi ya zithunzi, ndipo pulosesa ikatentha kufika madigiri pafupifupi 100, makina amadzizimitsa kuti asapse. Fumbi la m'chilimwe likamatirira pa fani ndi patimano ta chitsulo choziziritsira, mphepo sidutsa. Mu Okutobala ndiye zimanyanya.

Mankhwala ake ngotchipa: kuzula pulagi kukhoma, kutsegula bokosi ndi kupemerera fumbilo ndi bulowa, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire. Phala lotuwa lokhala pakati pa pulosesa ndi chitsulocho nalo limauma pakapita zaka. Lakalelo lipukutidwe, n'kupakapo latsopano lochepa ngati kanjere ka nandolo.

Ikamazimabe, diso lipite ku power supply, yomwe ikakalamba imalephera kupereka mphamvu yokwanira gemu ikafika povuta. Imeneyi osaitsegula, chifukwa imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Bola kugula ina.

Makina ena a m'ma 2003, monga Dell OptiPlex GX270, adatchuka ndi makapasita otupa. Akapezeka atafufuma pamwamba kapena akudontha, ayenera kusinthidwa, koma pamakina opitirira zaka 20 mwini wake ayambe wamva mtengo wokonza asanagwire sikulu.