Kodi mumadziwa? Babu limene likukudyerani mayunitsi

Kaya ndi pa Boma la Rumphi, ku Bolero kapena ku Mhuju, dandaulo la eni mita za pulipedi ndi limodzi: "Mayunitsi akutha msanga." Hotipuleti ndi simbi zimadya magetsi ambiri, izi n'zoona, koma babu limene limayaka tsiku ndi tsiku nalonso lili ndi mlandu wake. Tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti babu lakale lija, la kawaya mkati, limatentha kwambiri kuposa mmene limawalira? Pa magawo 10 a magetsi amene limadya, pafupifupi 9 amangosanduka kutentha. N'chifukwa chake likayaka kwa kanthawi simungaligwire ndi manja. Mumagula magetsi kuti muone, koma ndalama yambiri imathera kufunditsa denga.

Kodi mumadziwa tanthauzo la yuniti imodzi pa mita yanu? Ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 limamaliza yuniti m'maola osakwana 17. Babu la LED la mawati 9, limene limawala chimodzimodzi, limayaka maola 111 ndi yuniti yomweyo.

Kodi mumadziwa zimene nyumba ya mababu anayi imawononga pa mwezi? Tiwerengere limodzi. Mababu anayi a mawati 60, oyaka maola 5 usiku uliwonse kwa masiku 30, amadya mayunitsi 36. Mukaika a LED a mawati 9, amadya mayunitsi 5.4 basi. Otsala oposa 30 aja ndi anu. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti umene uli pa lisiti lanu la ESCOM, ndipo muona ndalama imene ikanagula sopo, mchere kapena makope a ana. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kodi mumadziwa kuti babu la panja, loopsezera akuba, lingathe kudya lokha mofanana ndi mababu onse a m'nyumba? La mawati 100 likamayaka maola 12, kuchokera madzulo mpaka m'mawa, limamaliza mayunitsi 36 pa mwezi. La LED la mawati 15 limagwira ntchito yomweyo ndi mayunitsi 5.4. Eni magolosale, malo ogona alendo ndi zigayo, nkhaniyi ndi yanu.

Kodi mumadziwa kuti babu lakale limapsa likayaka maola pafupifupi 1,000, pamene la LED labwino limafika maola 15,000 mpaka 25,000? Mtengo wake pa shelefu ndi wokwera, koma limodzi limalowa m'malo mwa akale oposa khumi.

Kodi mumadziwa kuti Rumphi ndi limodzi mwa maboma oyamba kuona nyali ya magetsi m'dziko lino? Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sipanapite zaka zambiri kuti malowo ayambe kuwala ndi magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe. Apa n'kuti matauni ambiri a m'dziko lino akudalirabe nyali za palafini.

Kodi mumadziwa kuti gawo lalikulu la magetsi a ESCOM limachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira? Kumpoto kuli siteshoni yaing'ono ya Wovwe, m'boma la Karonga, ya mamegawati osafika 5. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunafika paliponse. Magetsi amaperewera kwambiri madzulo, nthawi imene nyumba zonse zimayatsa nyali ndi kuphika. Ichi ndi chifukwa chimene ESCOM inagulitsirapo mababu a LED pa mtengo wotsika: kuchepetsa magetsi owonongeka n'kwachangu ndiponso kotchipa kusiyana ndi kumanga damu latsopano.

Kodi mumadziwa kuti amene apindula kwambiri ndi LED ndi anthu a kumidzi kumene mapolo a ESCOM sanafike? Tochi ya mabatire imene yalanda malo a koloboyi ili ndi timababu ta LED, n'chifukwa chake mabatire amakhalitsa. Sola yaing'ono ndi batire limodzi zimakwanitsa kuwalitsa zipinda zingapo ndi kutchaja foni, zimene sizikanatheka ndi mababu akale. Mwana wa ku Hewe kapena ku Katowo amawerenga usiku popanda utsi wa palafini m'maso ndi m'chifuwa, ndipo denga la udzu silikhala pa chiopsezo cha moto.

Kodi mumadziwa kuti ndi kunyanja komwe zinthu zasintha? Asodzi a usipa, monga a ku Mlowe, amakopa nsomba ndi kuwala usiku. Kale ankadalira nyali zopopa za palafini. Masiku ano ambiri pa nyanja ya Malawi akugwiritsa ntchito nyali za LED za batire, ndipo ndalama ya palafini ikutsalira m'thumba.

Kodi mumadziwa kuti LED inabweretsa mphoto ya Nobel? Nick Holonyak anapanga LED yofiira mu 1962, koma kuwala koyera kunatheka LED yabuluu itapangidwa. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphotoyi mu 2014 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kodi mumadziwa kuti mababu opiringizika aja, amene tinazolowera kuwatcha ma energy saver, ali ndi mekyule, mankhwala apoizoni? Babu lotere likasweka, tsegulani mazenera, tulutsani ana, ndipo musatole magalasi ndi manja. A LED alibe mekyule.

Kodi mumadziwa choyang'ana pa katoni pogula? Mawati amanena magetsi amene babu limadya, pamene malumeni amanena kuwala kwake. Malumeni 800 amafanana ndi babu lakale la mawati 60. Nambala ya 6500K ndi kuwala koyera mbee, koyenera m'shopu ndi kukhitchini. 2700K ndi kwachikasu, kofatsa, kwa kuchipinda. Onaninso ngati holdala yanu ili ya mapini kapena yopota. Pewani mababu opanda dzina la kampani, ndipo pemphani wogulitsa ayatse babu limene mukugula muli pomwepo.

Ngati ndalama sizikulola kusintha onse pakamodzi, yambani ndi babu limene limayaka nthawi yaitali, kenako la pabalaza. Lembani mayunitsi a pa mita lero, mudzalembenso mwezi ukatha, ndipo kusiyanako mudzakuona nokha.