Amayi othirira konkire ku Phalombe

Pamalo omanga nyumba ku Migowi kapena ku Chiringa, amene amandichititsa chidwi ndi mayi wa chidebe pamutu. Iyeyu amafika m'mamawa konkire atathiridwa kale dzulo lake, n'kumamuwaza madzi ngati akuthirira mpiru kudimba. Pa onse ogwira ntchito pamenepo, wolandira zochepetsetsa ndi iye. Chonsecho simenti imalimba pogwirana ndi madzi, ndipo imafuna chinyezi masiku osachepera 7. Mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pa tsiku la 28. Dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Phalombe likamuumitsa msanga, pamwamba pamatuluka timing'alu, ukakanda ndi msomali n'kumayoyoka.

Enawo timawadziwa: oswa miyala ya kwale, okumba mchenga kumtsinje, anyamata a fosholo ndi wilibala. Palinso wopinda zitsulo, amene amamanga maring'i ndi waya asanathire konkire m'bimu. Mukamufunsa chifukwa chake maring'i amathithikana kufupi ndi mzati, amayankha kuti ndi mmene anamuphunzitsira abwana ake akale. Sakulakwa. Masamu a zimenezi anawalongosola anthu ngati Emil Mörsch, injiniya wa ku Germany amene anabadwa mu 1872 n'kumwalira mu 1950, yemwe buku lake la konkire wa zitsulo linatuluka koyamba mu 1902. Nzeru za ku Germany zinafika kuno podzera m'manja, mmisiri kupatsira mmisiri.

Koma nkhani yeniyeni ndi ndalama. Muyezo wodziwika ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a kwale. Amisiri amadandaula kuti eni nyumba amagula matumba operewera, n'kuwauza kuti aone okha mochitira. Eni nyumba nawo amati simenti imamera miyendo dzuwa likalowa. Osakaniza amati konkire wouma amathyola msana, ndiye amawonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, osadziwa kuti madzi ochuluka posakaniza ndiwo amamufooketsa. Ndalama zikatheratu, woyamba kuuzidwa kuti mawa asabwere ndi mayi wothirira uja. Chikhazikitsireni boma lamulo la 2018 loletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu, oumba mabuloko achuluka, ndipo ena amawagulitsa asanakhwime n'komwe.

Kwina chinyengo chotere chimabisika zaka zambiri, koma kuno ayi. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza Nkhulambe ndi madera ena. N'zoona kuti palibe khoma lingaimitse thanthwe logubuduzika, koma madzi osefukira wamba amayamba ndi mlatho umene anaumana simenti.

Inu amene mukumanga chaka chino, ndalama ya wothirira muiike padera musanagule malata, ndipo mumulipire ya sabata yathunthu.