Njoka ya pa Ambulansi Si Ufiti

Ambulansi ikamadutsa m'komboni, anthu amaona nyenyezi yobiliwila ngati thambo, pakati pake pali njoka yozinga ndodo. Ena amanong'onezana kuti njoka ifunanji pa galimoto yonyamula odwala.

Cizindikilo ca njoka ndi ndodo cinacokela kwa Agiriki akale, amene anali ndi mulungu wocilitsa dzina lake Asclepius. Pa zithunzi zao iye anali kugwila ndodo yotele. Ambili amati njoka inasankhidwa cifukwa imafundula khungu ndi kuoneka yatsopano, monga wodwala amene wacila. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalonso lili ndi njoka imeneyi pa cizindikilo cake.

Nyenyeziyo imachedwa Star of Life, ndiko kuti nyenyezi ya moyo. Inapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1970 ndi Leo Schwartz, wogwila nchito m'nthambi ya boma yoona za ngozi za pamseu. Nsonga zake zisanu ndi imodzi ziimila masitepe opulumutsila munthu: kuona ngozi, kuitana thandizo, kufika kwa ambulansi, cithandizo ca pamalo a ngozi, cisamalilo ca panjila, ndi kupeleka wodwala ku cipatala.

Mtanda wofiila uli ndi mbili yake. Mu 1859 Henry Dunant wa ku Switzerland anaona asilikali ovulala atasiyidwa popanda owasamalila pa nkhondo ya ku Solferino, ku Italy. Khama lake linabala bungwe la Red Cross, ndipo pangano la ku Geneva la 1864 linavomeleza mtanda wofiila pa nsalu yoyela, kutembenuza mitundu ya mbendela ya Switzerland. Maiko ambili a Cisilamu amagwilitsa nchito mwezi wofiila m'malo mwake. Mtandawu ndi wotetezedwa ndi lamulo, conco si wopenta cisawawa pa sitolo ya mankhwala.

Nanga mau akuti AMBULANCE olembedwa cobwelela kutsogolo kwa galimoto? Wopenta sanalakwitse ai. Amatelo kuti dalaiva amene ali patsogolo awawelenge bwino pa galasi lake ndi kupatuka msanga.

Pa nsonga zisanu ndi imodzi zija, ziwili zoyamba si za madokotala. Ndi za mnansi amene wamva mai wapakati akubuula usiku, ndi wapanjila amene waona mwana atagundidwa ndi minibasi. Iwo akangoima ndi kupenyelela, ambulansi siinyamuka.