Kodi mumadziwa? Cholakwa chokakamira chili ndi dzina lake m'Chingerezi

M'Chingerezi muli mawu akuti mumpsimus, ndipo ngakhale eni chinenerocho ambiri sawadziwa. Amanena za cholakwa chimene munthu amachigwiritsa ngakhale atamuonetsa poyera kuti walakwitsa. Amanenanso munthu wamakani weniweniyo.

Gwero lake ndi nthano ya wansembe wina wosadziwa bwino Chilatini. Pa Misa, atangolandira Ukalistia, wansembe amanena pemphero lomwe muli mawu akuti sumpsimus, kutanthauza kuti talandira. Bambo ameneyu kwa zaka zambirimbiri ankati mumpsimus, mawu opanda tanthauzo m'pang'ono pomwe. Wina wophunzira bwino atamuwongolera, iye anakana kwamtuwagalu, amvekere sangasiye zomwe anazolowera chifukwa cha zachilendo zongobwera dzulo.

Erasmus wa ku Rotterdam analemba nthanoyi m'kalata mu 1516, chaka chimene anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chigiriki. Ankanyogodola akatswiri omwe ankakwiya kuona munthu akukonza mawu a m'Baibulo la Chilatini limene iwo anakulira nalo.

Mu Disembala 1545 Mfumu Henry VIII inawatchula mawuwa polankhula ku Nyumba ya Malamulo. Inadzudzula mbali zonse ziwiri, okakamira mumpsimus wawo wakale ndi othamangira sumpsimus watsopano mopupuluma. Kunena zoona, mfumuyi inali yochenjera podziika pakati, poti ndi iyo yomwe mu 1534 inachotsa mpingo wa ku England m'manja mwa Papa.