Nyuzipepala Zodalira Mphatso: Zimene Zachitika ku America

M'chaka cha 2006 nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer, pamodzi ndi inzake ya mumzinda womwewo yotchedwa Daily News, inagulitsidwa pa mtengo wa madola 515 miliyoni. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 2012, nyuzipepala ziŵiri zomwezo zinagulidwa pa madola 55 miliyoni okha. Anthu a mumzinda wa Philadelphia, ku America, sanasamuke ndipo sanaleke kuŵerenga. Zimene zinasamuka ndi ndalama za otsatsa malonda.

Oŵerenga ambiri amayesa kuti nyuzipepala imayendera ndalama zimene iwo amapereka poigula. Kunena zoona, kwa zaka zambiri chuma chenicheni cha nyuzipepala za ku America chinkachokera kwa eni masitolo, ogulitsa nyumba ndi magalimoto, ndiponso makampani ofuna antchito, amene ankalipira kuti malonda awo asindikizidwe. Itafika intaneti, anthu ameneŵa anatengera malonda awo ku Google, Facebook ndi kwina kotere. Akatswiri a sukulu ya utolankhani ya Medill, pa yunivesite ya Northwestern, anapeza mu 2024 kuti chiyambire 2005 dzikolo lataya nyuzipepala zoposa 3,200, ndipo maboma aang'ono oposa 200 analibiretu wofalitsa nkhani za kumeneko.

Mwina wina angafunse kuti, nanga pali kanthu? Kanthu kalipo ndithu. Nkhani za pulezidenti ndi za nkhondo sizisoŵa wozilemba. Koma khonsolo ikamakambirana za msonkho wa pamsika, kapena komiti ya sukulu ikamagaŵa ndalama zomangira, amene amakhala pambuyo ndi cholembera ndi mtolankhani wa komweko. Iyeyo akachoka, akuluakulu aja amatsala okha m'chipinda, ndipo chuma cha anthu chimatha popanda wofunsa.

Nyuzipepala za ku Philadelphia zija zinadzafika m'manja mwa Gerry Lenfest, munthu amene analemera ndi ntchito yofikitsa wailesi yakanema m'nyumba za anthu. Mu 2014 iye ndi mnzake Lewis Katz anazigula pa madola 88 miliyoni, koma patangopita masiku ochepa Katz anamwalira pa ngozi ya ndege. Lenfest anatsala mwini wake yekha, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80. Mu Januwale 2016 anachita chinthu chimene eni chuma sachita kaŵirikaŵiri: anapereka nyuzipepalazo kwaulere ku bungwe losafuna phindu limene lero limatchedwa Lenfest Institute for Journalism, nawonjezerapo madola 20 miliyoni oti asungidwe kuti azibereka chiwongoladzanja chothandizira ntchito ya atolankhani. Iye anamwalira mu 2018, koma Inquirer, imene inayamba mu 1829, ikutulukabe.

Taonani kuti Lenfest sanangopereka ndalama. Anachotsa dzanja lake pa katunduyo akali moyo, kuti pa imfa yake pasadzakhale womugulitsa kwa aliyense wofika ndi thumba lalikulu. Ena anatsata njira yofanana nayo. Ku Utah, Paul Huntsman anagula Salt Lake Tribune mu 2016, ndipo mu 2019 boma linavomereza kuti nyuzipepalayo ikhale bungwe losafuna phindu. Nayonso njira imeneyi ili ndi mtengo wake, pakuti malamulo a msonkho a dzikolo salola bungwe lotere kuuza anthu munthu woti amusankhe pa chisankho, mwambo umene nyuzipepala za kumeneko zinauzoloŵera kuyambira kale. Mu 2023 mabungwe 22 opereka chithandizo, motsogozedwa ndi MacArthur Foundation, analonjeza madola oposa 500 miliyoni pa zaka zisanu, pansi pa dzina lakuti Press Forward.

Komatu makolo athu anati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu umayamikira mtima wopatsa, komanso ukutikumbutsa kuti wopatsa amayembekeza kudzapeza chimene anaika. Tsono ngati wopatsayo ali mwini fakitale imene ikuthira zonyansa mumtsinje, kodi mtolankhani amene amadya za m'thumba mwake adzalimba mtima kulemba? Apa ndi pamene utsogoleri umaonekera. Texas Tribune, imene inayamba mu 2009 mumzinda wa Austin, imalengeza maina a onse oipatsa ndalama. Nkhani ikatchula kampani kapena munthu amene anaperekapo chithandizo, m'munsi mwake amalembamo poyera kuti uyu ndi mmodzi wa otithandiza, koma alibe mawu pa zimene timalemba. Woŵerenga akadziŵa zimenezi amatha kuŵeruza yekha.

Ngozi yachiŵiri ndi yoopsa kuposa yoyambayo, ndipo chitsanzo chake ndi Houston Landing. Bungwe limeneli linayamba kufalitsa nkhani pa intaneti mu 2023 mumzinda wa Houston, lili ndi madola oposa 20 miliyoni ochokera kwa opereka ochepa koma olemera kwambiri. Linalemba antchito ambiri, ndipo atolankhani ake analemba nkhani zotamandika. Mu Januwale 2024 mkulu wa bungwelo anachotsa ntchito mkonzi wamkulu, zimene zinadzetsa mkangano pakati pa atsogoleri ndi atolankhani. Mu Meyi 2025 bungwelo linatseka, anthu 43 natsala opanda ntchito. Atsogoleri ake anati analephera kupeza njira zina zopezera ndalama zokwanira kuyendetsera ntchitoyo.

Tikaika Philadelphia ndi Houston pamodzi, mfundo yake ikuoneka. Ndalama zoyambira zinali zofanana ndithu, koma Inquirer inali kale ndi oŵerenga zikwizikwi olipira mwezi ndi mwezi, kotero kuti mphatso ija inadza kudzachirikiza nyumba yoima kale. Ku Houston nyumba yonse inatsamira pa mizati yoŵerengeka, ndipo mzati umodzi utagwedezeka denga linagwa. Chotero ntchito ya mtsogoleri wa bungwe lotere ili paŵiri. Ayenera kutchinjiriza mkonzi kuti wopereka ndalama asaloŵerere pa nkhani, ndiponso ayenera kugwiritsa ntchito zaka za mphatso posonkhanitsa anthu wamba ambiri opereka pang'onopang'ono. Anthu zikwi khumi opereka pang'ono sangaleke onse tsiku limodzi, ndiponso palibe mmodzi wa iwo amene angaopseze mkonzi.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Wailesi ya Dzimwe, m'boma la Mangochi, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi chithandizo cha UNESCO, ndipo mawailesi ambiri a m'madera amapuma ndi mapologalamu olipiridwa ndi mabungwe. Chaka cha 2025, pamene boma la America linathetsa bungwe la USAID, chinationetsa mmene chithandizo chakunja chimaphwera msanga ngati chithaphwi cha mvula yoyamba.

Inu aphunzitsi anzanga, ena a inu mumakhala m'makomiti a mawailesi ameneŵa. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, ena a inu mukugogoda pa zitseko zake kufuna ntchito. Mukakhala pa msonkhano wotsatira, funsani mlembi ndi msungichuma mafunso atatu: ndalama zathu zimachokera kwa anthu angati, ndani angaletse nkhani kuulutsidwa, ndipo wopereka wamkulu atachoka maŵa tingayende miyezi ingati? Mlungu wamaŵa tidzaona mmene komiti yotere iyenera kusankhidwira.