Anthu Amene Anasewera m'Kanema wa Pather Panchali

Ambiri a ife tikamaonera kanema timayesa kuti anthu onse amene tiwaona pa nsalu paja ndi akatswiri olemera, amene anaphunzira ntchitoyi zaka zambiri. Koma si nthawi zonse ziri choncho ai. Ndifuna kufotokozera anzanga za kanema wina wa ku India, dzina lake Pather Panchali, amene anapangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri, ndiponso za anthu amene anaseweramo.

Mwini ntchitoyi anali Satyajit Ray wa mu mzinda wa Calcutta, umene lero utchedwa Kolkata. Iye anali wojambula zithunzi pa kampani yolengeza malonda, ndipo anali asanapangepo kanema ndi kale lonse. M'chaka cha 1950 anapita ku London, kumene anaona kanema wa ku Italy wotchedwa Bicycle Thieves, m'mene munasewera anthu wamba. Ichi chinamlimbitsa mtima kuti nayenso angathe kuchita chimodzimodzi ndi nthano ya m'buku la Bibhutibhushan Bandyopadhyay. Nthanoyo ikamba za banja losauka la m'mudzi wina ku Bengal: bambo, mai, mtsikana Durga, mlongo wake wamng'ono Apu, ndi nkhalamba yaikazi, Indir.

Chobvuta choyamba chinali kupeza mnyamata woti akhale Apu. Ray analengeza m'nyuzipepala, ndipo kunabwera ana ambiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamkondweretsa. Tsiku lina mkazi wake, Bijoya, anaona kamnyamata kalikusewera pa denga la nyumba yoyandikana ndi yao. Kamnyamatako kanali Subir Banerjee, ndipo ndiko kanatengedwa. Mwanayu sanali kudziwa kanthu za kusewera. Pa tsiku loyamba anauzidwa kuti ayende m'munda ngati alikufuna mlongo wake, koma anangoyenda chowuma ngati msilikali. Tsono Ray anaika timitengo pansi kuti mwanayo azitidumpha, nabisa anthu m'maudzu kuti azimuitana uyu kuno, uyu uko. Mwanayo potembenuka kuti aone womuitana, anaoneka ngati wofunafuna zenizeni. Apa ndipo ine ndinazindikira kuti munthu wosazolowera safuna kumuuza mau ambiri, koma kumpatsa chinthu choti achite.

Durga anali Uma Dasgupta, mtsikana wa pa sukulu monga alongo athu omwewa. Mai wa m'nthanomo anali Karuna Banerjee, mkazi wa bwenzi lake la Ray, amene ankachita masewero a pa bwalo koma anali asanalowepo m'kanema. Mwana wake weniweni, Runki, ndiye anasewera Durga akali wamng'ono. Amene anali wozolowera ntchitoyi ndi Kanu Banerjee, amene anakhala bambo wa banjalo. Ngakhale wogwira kamera, Subrata Mitra, anali mnyamata wa zaka 21 amene anali asanagwirepo kamera ya kanema.

Koma munthu amene andidabwitsa koposa onse ndi gogo Chunibala Devi, amene anasewera Indir. Iwo anali ndi zaka ngati 80, opanda mano, okhota msana. Pa utsikana wao ankachita masewero, koma anthu anali atawaiwala kalekale. Ngakhale anali okalamba chotero, mutu wao unali wakuthwa. Pojambula kanema chigawo chimodzi chimadulidwa kangapo, nthawi zina masiku osiyana, ndipo wosewera ayenera kuoneka monga momwe analili poyamba. Gogoyu ndiwo ankakumbutsa anyamata aja kuti chinthu chakuti anachigwira ku dzanja liti.

Anayamba kujambula pa 27 October 1952. Popeza Ray anali akali pa ntchito yake, ankajambula masiku opuma okha. Mbali yaikulu anaijambula m'mudzi wa Boral, pafupi ndi Calcutta. Mabvuto sanachedwe. Pali chigawo chotchuka pamene ana awiri aja aona sitima ya pamtunda koyamba, ali m'munda wa maudzu a maluwa oyera. Atajambula theka, anabweranso patapita masiku, napeza ng'ombe zitadya maluwa onse, kotero kuti anayenera kudikira nyengo yina. Ndalama nazo zinatha. Ray anagulitsa mabuku ake ndi marekodi ake a nyimbo, ndipo zokometsera za golide za mkazi wake zinaikidwa chikole. Komabe ntchito inaima miyezi yambiri.

Taganizani, anzanga, kuopsa kwake kwa kuima kumeneku. Mwana sadikira ndalama kuti akule. Mau a Subir akadasintha, kapena Uma akadatalika msanga, kapena gogo uja akadamwalira, zonse zimene anajambula zikadangotayika, chifukwa m'kanema sungasinthe nkhope ya munthu pakati pa nthano. Ray mwini wake ananena pambuyo pake kuti zinali zozizwitsa kuti zitatu zonsezi sizinachitike. Potsiriza boma la West Bengal, motsogozedwa ndi Dr Bidhan Chandra Roy, linapereka ndalama, ndipo ntchito inatha.

Kanemayu anaonetsedwa koyamba ku New York mu May 1955, ndipo ku Calcutta mu August chaka chomwecho. Mu 1956 analandira mphotho ku Cannes, m'dziko la France. Zachisoni, gogo Chunibala anamwalira anthu a kwao asanayambe kumuonera m'nyumba za kanema. Subir sanasewerenso m'kanema wina. Uma anakhala mphunzitsi, namwalira mu 2024. Ray anapitirira napanga makanema ambiri, ndipo anapatsidwa mphotho yaulemu ya Oscar mu 1992, chaka chimene anamwalira.

Ndalemba izi makamaka chifukwa cha anzanga amene amaopa kulowa m'masewero a pa sukulu, nanena kuti alibe luso kapena zobvala zabwino. Ray analibe ndalama, koma anali ndi maso osankha anthu ndi mtima wodekha powaphunzitsa. Ndipempha atsogoleri a masewero athu kuti posankha anthu asamangotenga okhaokha olongolola. Aziyang'ananso kumbuyo kwa kalasi, kumene kumakhala aja ofatsa.