Mwera ukawomba, ana athu amakwera pa nsanja atavala patapata

Chaka chilichonse tikamaliza kukolola, mwera n'kuyamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, mabwato ambiri amakhala pamtunda. Anyamata amene akanakhala akukoka makoka amapita ku maganyu a zomangamanga: nyumba za anthu, malo ogona alendo, ngakhalenso mizikiti yathu yomweyi. Ndalama yake ndi yahalali ndithu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene amapitira, phazi lili pamtunda, manja opanda kanthu.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Pamene tinkakuza mzikiti wa kwathu, komiti inawerengera simenti, malata, misomali ndi chakudya cha amisiri. Za nsapato palibe anazitchula, ine ndemwe. Mnyamata wina wokanda matope anaponda msomali umene unatsalira pathabwa, n'kumanga kansanza, n'kupitiriza ntchito poopa kudulidwa ndalama ya tsikulo. Phazi linatupa, ndipo mvula itagwa munda wa mayi ake unalimidwa ndi anthu ena. Alhamdulillah anachira, koma akuchipatala anatikalipira chifukwa chochedwa naye. Bala lakuya la msomali limalowetsa kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi, ndipo munthu ayenera kutsuka balalo ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za jakisoni.

Simenti ndiye yachinyengo kwambiri. Ikakhala yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, wosamva kupweteka nthawi yomweyo. Mnyamata amaima m'matope a simenti tsiku lonse, madzulo pochita udhu wa swala ya Maghrib ndi pamene amaona kuti mapazi asupuka. Magambutsi ndi magolovesi a labala amateteza, koma simenti ikalowa m'kati mwa gambutsi, vulani msanga mutsuke ndi madzi ambiri. Ikagwera m'diso musatikite, thirani madzi oyera kwa nthawi yaitali kenako thamangani kuchipatala. Fumbi lake nalo silabwino m'chifuwa, choncho wotsegula matumba aphimbe mphuno ndi pakamwa.

Tsono pamwamba. Nsanja zathu zambiri ndi za mitengo ya bulugama yomangidwa ndi zingwe zotha, matabwa ake ongoyalidwa osakhomera. Inu asodzi, kodi mungalowe m'nyanja ndi bwato osaliyang'ana ngati likudontha? Nsanja nayo iyang'anidwe m'mawa uliwonse. Ndipo mwera womwe wakutulutsani m'madziwo ukakupezani padenga mutanyamula lata, umalikoka ngati thanga. Mphepo ikakula, tsikani. Amene ali pansi avale chipewa cholimba chija, popeza njerwa ikaphonyeka kumwamba kofia siingakuthandizeni.

Ena amati zonse ndi Qadar. Zoona, palibe chimachitika popanda chifuniro cha Allah. Koma thupi ili tinapatsidwa ngati amana, ndipo yemwe akunena za Qadaryo usiku amatseka khola la mbuzi zake.

Boma nalo linaikapo lamulo. La 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act limati wolemba ntchito apereke zovala zodzitetezera kumene ntchito ili yoopsa, ndipo la 2000 la Workers' Compensation Act limanena za chipukuta misozi kwa wovulala pantchito. Nkhani zotere zimakatulidwa ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Ndikudziwa kuti waganyu amaopa kufunsa, chifukwa pageti pali anzake khumi ofuna malo omwewo. N'chifukwa chake ndikulankhula kwa ife olemba anthu ntchito, makamaka makomiti a mizikiti ndi madrasa.

Kwathu tsopano tinagula magambutsi, magolovesi ndi zipewa zochepa kuchokera m'thumba lomwelo la zomangira. Zimasungidwa ndi muadhini, ndipo aliyense wa m'mudzi amene akumanga amabwereka n'kubweza zotsuka. Amene akufuna kuona mmene tinachitira atipeze Lachisanu ikatha swala ya Jumu'a.